Za magazi a mdzukulu wathu ndi chinkhoswe cha mu Ogasiti

Lachiwiri madzulo

Malume (Ulongwe): Ndakupatsani moni nonse. Ndalemba pano m'malo moimbira aliyense payekha chifukwa nkhani ya mdzukulu wathu wa ku Domwe yayamba kuyenda m'makomo mosiyanasiyana, ndipo ndikufuna kuti tiimve kamodzi kuchokera kwa make. Tikatero tikambirane thandizo la mwanayu, komanso chinkhoswe cha mu Ogasiti, chimene nkhaniyi ikuchikhudza.

Make mwana (Domwe): Zikomo malume. Tinabwerako ku Tete Loweruka. Atamuyeza magazi, adokotala anatiuza kuti kutupa kwa manja ndi mapazi kuja, kumene kunayamba ali ndi miyezi 7, pamodzi ndi kuchepa magazi kobwerezabwereza, ndi matenda amene pa Chipwitikizi amati anemia falciforme, ndipo anzathu a ku Malawi amati siko selo. Anati ndi obadwa nawo, ndipo anatchula za majini. Amayi atamva mawu amenewa sanagone, poganiza kuti akunena ziwanda.

Achimwene aphunzitsi (Furancungo): Mukawauze amayi kuti majini awa si mizimu ayi. Ndi malangizo olembedwa m'maselo a thupi, amene mwana amalandira theka kwa mayi ndi theka kwa bambo, ndipo amasungidwa m'timitolo 46 totchedwa makromozomu, 23 kuchokera mbali iliyonse. Pa kamtolo ka nambala 11 pali jini imene imauza thupi kapangidwe ka himogulobini, chinthu chonyamula mpweya wabwino m'magazi. Mwa anthu ena, chilembo chimodzi chokha cha jini imeneyi chinasintha kalekale, ndipo kusinthako kumayenda ndi mtundu. Mpweya ukachepa, maselo ofiira amene anayenera kukhala obulungira ndi ofewa amauma n'kupindika ngati zenga, ndipo amatsekereza timitsempha ting'onoting'ono. Ululu umene mwanayu amalira nawo umachokera pamenepo. Maselo abwino amakhala masiku pafupifupi 120, pamene opindikawa amafa pa masiku 10 mpaka 20, n'chifukwa chake magazi ake sachedwa kuchepa.

Bambo ake a mwana (Domwe): Malume ndi alamu, ndilankhule mosabisa, pakuti ndine mkamwini pano ndipo sindikufuna kuti mumve kwa ena. Kwathu akunena kuti matendawa achokera kuchikazi, popeza kumtundu kwathu sanaonekepo. Ine sindinawayankhe chifukwa ndinalibe chowayankha.

Achemwali anamwino (Moatize): Alamu, mwachita bwino kunena, ndipo yankho lake lilipo. Mwana sadwala matendawa pokhapokha atalandira jini yosinthikayo mbali zonse ziwiri. Munthu amene ali ndi imodzi yokha nthawi zambiri amakhala wathanzi, amalima ndi kukalamba osadziwa kanthu, ndipo n'chifukwa chake banja limatha kunena moona mtima kuti kwathu sizinaoneke. Choncho inu muli nayo imodzi ndipo mng'ono wanga ali nayo imodzi. Palibe amene anabweretsa yekha, ndipo palibe amene analodza. Ndiwonjezere ichi, chifukwa ambiri amachimva molakwika: makolo onse awiri akakhala ndi jiniyi, pa mimba iliyonse pali mwayi umodzi mwa inayi kuti mwana adwale, iwiri kuti angoinyamula osadwala, ndi umodzi kuti asaitenge n'komwe. Sizitanthauza kuti mwa ana anayi wodwala adzakhala mmodzi. Mimba iliyonse imayamba kuwerengedwa payokha.

Mayi aang'ono (Tsangano): Nanga ngati anabadwa nawo, bwanji miyezi yoyamba anali wonenepa ndi wosewera bwino? Ine ndinamunyamula pa tsiku lotuluka m'chikuta, analibe vuto.

Achemwali anamwino (Moatize): Mayi, khanda limabadwa ndi himogulobini ya mtundu wina, ya m'mimba, imene sipindika. Imachepa pang'onopang'ono mwana akabadwa, ndipo akamafika miyezi 6 imakhala itachepa kwambiri, choncho matenda amaonekera pamenepo.

Achimwene aphunzitsi (Furancungo): Chinanso chimene chingathandize akuchimuna kumvetsa n'chakuti jiniyi ndi yofala kumadera a malungo. Dokotala wina dzina lake Anthony Allison anasonyeza mu 1954, atafufuza kum'mawa kwa Africa, kuti onyamula jini imodzi amatetezeka ku malungo aakulu. Makolo athu amene anali nayo ankapulumuka ali ana n'kudzabereka, ndipo ndi mmene yafikira kwa ife. Koma mwana wodwala siko selo alibe chitetezo chimenechi, malungo kwa iye ndi oopsa kwambiri.

Lachitatu m'mawa

Malume (Ulongwe): Ndawerenga zonse kawiri, ndipo sindinagone bwino. Mukudziwa kuti amene akumanga chinkhoswe mu Ogasiti ndi mwana wanga ndi msuweni wake, mng'ono wa make mwanayu. Ukwati wa pachisuweni si wachilendo kwa ife, ndipo ine ndinavomera ndi mtima wonse. Tsopano ndikufunsa inu odziwa: kodi tiimitse?

Achemwali anamwino (Moatize): Malume, kuimitsa tisanayeze kungakhale kuweruza mlandu mboni isanafike. Ngati mmodzi wa makolo athu ndiye ali ndi jiniyi, mwayi woti mng'ono wathu ali nayo ndi theka. Ngati inadzera kwa amayi, n'zotheka kuti inunso muli nayo, ndipo mwina munapatsira mwana wanu. Ngati inadzera kwa malemu bambo, mbali yanu ikhoza kukhala yopanda kanthu. Apa ndi pamene chisuweni chimakulitsa chiopsezo, chifukwa awiriwa ali ndi agogo amodzi. Kuyeza magazi kudzatiuza. Ndikupempha kuti zotsatira zikaperekedwe kwa eni ake awiriwo, ndipo iwo asankhe okha choti atiuze.

Mkwatibwi (Domwe): Zikomo achemwali ponena zimenezo. Ine ndi asuweni anga tinakambirana usiku, ndipo tonse tavomera kukayezetsa. Chimene tikupempha n'chakuti ankhoswe asauzidwe kuti ukwati watha, chifukwa sitinanene choncho, ngakhale zotsatira zitabwera zovuta.

Malume (Ulongwe): Ndamva, mwana wanga, ndipo ankhoswe ndiwauza ndekha kuti tsiku likhale lomwelo mpaka inu mutalankhula. Tibwere kwa wodwala. Akufunika chiyani?

Achemwali anamwino (Moatize): Matendawa amawononga kapamba mwana akadali wamng'ono, choncho thupi lake sililimbana bwino ndi tizilombo. Penisilini amene anapatsidwa amwe tsiku lililonse mpaka atakwanitsa zaka 5, pamodzi ndi mapiritsi a foliki asidi, ndipo katemera asaphonye ngakhale mmodzi. Agone m'neti usiku uliwonse ndipo azimwa madzi ambiri. Akatentha thupi, akatuwa m'maso ndi m'zikhatho, kapena mimba ikatupa kumanzere, musadikire kuti kuche. Palinso mankhwala otchedwa hydroxyurea amene amachepetsa ululu pobwezeretsa himogulobini ya ukhanda ija. Mukafunse adokotala ngati angamuyambitse. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi chisanu cha kwathu ku Angónia mu Juni ndi Julayi, chifukwa kuzizira kumadzutsa ululu. Asamusambitse madzi ozizira, ndipo amayi asamapite naye kudimba m'mamawa.

Mayi aang'ono (Tsangano): Mabulangete awiri ndi majuzi ndigula ine ndikagulitsa mbatata ya kachewere. Ndalama pamanja ndilibe mwezi uno.

Achimwene aphunzitsi (Furancungo): Ndikupereka ganizo lakuti aliyense wolandira malipiro azisonkha 500 meticais pamwezi kudzera pa M-Pesa, ndipo ndalamayo isagwiritsidwe ntchito ina kupatula chapa (minibasi) ndi mankhwala a mwana. Ulendo wa oyezetsa ndilipira ndekha, usakhudze thumba limeneli.

Bambo ake a mwana (Domwe): Ndathokoza kwambiri. Ndikupempha kuti alamu anga anamwino adzapite nane kwathu akafotokoze zimene alemba pano, chifukwa ine ndikanena adzati ndikuikira kumbuyo mkazi wanga. Ndili ndi azichemwali awiri osakwatiwa amene ayeneranso kudziwa.

Malume (Ulongwe): Zikhale choncho. Ndalama zizitumizidwa kwa anamwino pofika pa 5 mwezi uliwonse, ndipo iwo azilemba pano zolowa ndi zotuluka. Afunsenso kuchipatala tsiku loyeza, atiuze lisanafike Lolemba. Pa mndandanda wa okayezetsa mulembepo awiri aja, mlongo wanga wa ku Domwe, ndi ine.