Makina oyeretsa mpweya: ndigule kapena ndisiye? Mphuno zanditseka chaka chachiwiri tsopano

Mayi a Tadala, Chilomoni
Abale anga, ndabwera ndi nkhani ya mphuno. Zinayamba ngati chimfine wamba m'dzinja la chaka chatha, koma mpaka lero sizinatsegukebe. Masana ndikakhala kuntchito zimakhalako bwino. Nkhondo ili usiku ndi m'mamawa. Ndikangoika mutu papilo, pakapita kanthawi mphuno zonse ziwiri zatseka, ndimapumira kukamwa, podzuka kukhosi kuli gwa, mutu ukulemera. Poyalula pabedi ndimayetsemula kakhumi kotsatizana, maso kuyabwa, mamina amadzimadzi. Bambo a Tadala akuti ndayamba kuliza mkonono, zomwe kale kunalibe.

Kuchipatala china anandiuza kuti mwina thupi langa likudana ndi tizilombo ta m'fumbi la m'nyumba tomwe amati dust mites, koma sanandiyeze. Tsono achimwene anga a ku Joni akuti andigulira makina oyeretsa mpweya, aja a air purifier okhala ndi sefa ya HEPA, bola ine ndisonkhe theka la mtengo ndi ya basi. Ndawerengera, mbali yangayo ikukwana lendi ya mwezi ndi theka. Alipo anawagwiritsapo ntchito? Amathandizadi?

Bambo a Mphatso, Area 25
Gulani mayi, musazengereze. Ife tinagula chifukwa cha Mphatso, ali ndi mphumu. Kuno anthu amaotcha zinyalala madzulo aliwonse, kuphatikiza utsi wa mbaula za oyandikana nawo. Chiikireni makinawo m'chipinda mwake, kutsokomola kwa usiku kunachepa kwambiri. Nditatsegula patatha miyezi itatu, sefa yomwe inali yoyera ndinaipeza yakuda bii. Zonsezo bwenzi zili m'chifuwa mwa mwana.

Anachisale, Zomba
Mwana wanga, kodi si nsikidzi zimenezo? Tulutsa matiresi padzuwa, uthire madzi otentha m'mphepete mwa bedi. Ndalama yako isunge.

Mayi a Tadala, Chilomoni
Ayi amayi, nsikidzi mulibe. Palibe amene akulumidwa, ndipo ndayang'ana msoko uliwonse wa matiresi.

Nangozo, Leeds
Achemwali, ine ndine namwino ndipo vuto lomweli ndinalimbana nalo nditangofika kuno, nyumba zake za makapeti ponseponse ndi mawindo otseka miyezi isanu. Ndiloleni ndifotokoze motalikirako, chifukwa yankho la funso lanu lagona pa mmene kachilomboka kamakhalira.

Amayi a ku Zomba, si nsikidzi ayi. Dust mite ndi kakang'ono, sikafika ngakhale theka la milimita, maso sangakaone. Sikaluma, sikayamwa magazi. Kamadya timafundu ta khungu tomwe tonsefe timayoyola tikagona, n'chifukwa chake kamakonda matiresi, pilo, bulangeti, sofa ndi zidole za nsalu. Sikamwa madzi, kamayamwa chinyezi cha mumpweya, ndiye kumene kuli chinyezi chambiri ndi kofundirako kamaswana kwambiri. Chinyezi chikatsika pansi pa 50 peresenti kamavutika. Blantyre ya m'dzinja, kapena ya chiperoni cha June ndi July zovala zikukana kuuma, ndi kwawo kwenikweni. Madokotala a ku Leiden, m'dziko la Netherlands, ndi amene anatulukira mu 1964 kuti chimene chimadwalitsa anthu m'fumbi la m'nyumba ndi kachilombo kameneka.

Tsono apa ndi pamene pali nkhani. Chimene thupi limadana nacho kwambiri ndi chimbudzi cha tizilomboti, ndipo timibulu take n'tolemera. Mukakutumula bulangeti timauluka, koma pasanathe theka la ola tatera kale pansi. Makina aja amasefa zokhazo zomwe zikuyandama mumpweya. Inu mumagona nkhope ili papilo maola 7 kapena 8, mphuno ili pomwepo pamene pali vutolo. Makina ali pakona apo sangakoke zomwe zili m'kati mwa pilo wanu. Sefa ya HEPA ndi yabwinodi, imagwira 99.97 peresenti ya tinthu tating'ono kwambiri todutsamo, koma todutsamo tokhato.

Bambo a Mphatso, Area 25
Ndiye mukuti zomwe ndinaona ndi maso angazi ndi zabodza? Mwana amagona tulo tsopano.

Nangozo, Leeds
Ayi bambo, ndikukhulupirira zonse mwanenazo, ndipo munachita bwino kumugulira mwanayo. Utsi ndi wopepuka, umayandama mumpweya maola ambiri, ndiye makina amaugwira. Vuto la Mphatso lili mumpweya. La achemwaliwa, malinga n'kufotokoza kwawo, lili pabedi.

Jere, Limbe
Ndisanayankhe za kugula ndili ndi funso. Ndimagwira ntchito mufamase, ndipo anthu odandaula za masainasi ndimakumana nawo tsiku lililonse. Mayi, pakali pano mukugwiritsa ntchito chiyani kuti mugone?

Mayi a Tadala, Chilomoni
Piriton nthawi zina, koma amandigonetsa mpaka kuntchito. Chimene chimandithandiza ndi kabotolo kopopera m'mphuno. Ndikapopera, pasanathe mphindi zisanu ndapuma bwino. Poyamba kanali ka usiku wokha, pano ndimapopera katatu kapena kanayi patsiku. Kena kamakhala m'chikwama, kena pansi pa pilo.

Jere, Limbe
Tawerengani pakabotolopo, palembedwa chiyani m'munsi mwa dzina? Ndipo mwakhala mukukagwiritsa ntchito nthawi yayitali bwanji?

Mayi a Tadala, Chilomoni
Palembedwa xylometazoline. Ndinayamba cha m'ma August. Ndiye kuti miyezi isanu ndi iwiri.

Jere, Limbe
Mayi anga, apa ndiye tapeza njoka m'udzu. Mankhwala amenewo, pamodzi ndi anzake a oxymetazoline, ndi a masiku ochepa chabe, osapitirira sabata imodzi, ndipo papepala la m'katoni amalembapo. Amafinya timitsempha ta magazi m'mphuno, mpata n'kutseguka. Mukapitiriza milungu ndi miyezi, mphamvu yake ikamatha m'mphuno mumatupa kuposa poyamba, inu n'kupoperanso, basi kumangozungulira pomwepo. Madokotala amati rhinitis medicamentosa. N'kutheka kuti ziwengo ndi zomwe zinayambitsa, koma kutseka kwa lero mbali yaikulu akuchititsa ndi mankhwalawo. Ngakhale mutagula makina awiri, simungaone kusintha kabotoloko kakadali pansi pa pilo.

Muonane ndi dokotala, mupite nako kabotoloko. Nthawi zambiri amapereka mankhwala ena opopera a mtundu wa steroid, monga beclometasone, fluticasone kapena mometasone. Amenewa sagwira nthawi yomweyo, amachotsa kutupa pang'onopang'ono, ndipo mphamvu yake yonse imaoneka patatha sabata imodzi kapena ziwiri mukupopera tsiku lililonse. Anthu ambiri amawataya tsiku lachitatu n'kumati ndi achabechabe. Ngati muli oyembekezera kapena muli ndi BP, munene.

Mayi a Tadala, Chilomoni
Kalanga ine. Miyezi yonseyi ndimaona ngati ndi kamene kakundipulumutsa. Ndinayesapo kusiya usiku umodzi, ndinachezera kukhala tsonga pampando.

Jere, Limbe
Masiku oyambawo ndi owawadi, sindikunamizani. Ena amayamba kusiya mphuno imodzi, ikazolowera n'kusiya inayo.

Mayi a Chisomo, Johannesburg
Ine ndikuti ngati achimwene anu ali ndi mtima wothandiza, akugulireni zokutira matiresi ndi mapilo zazipi zija zotsekereza tizilombo. Kuno zimapezeka, n'zotchipa poyerekeza ndi makina, sizifuna magetsi, ndipo zimalowa m'chikwama chimodzi pabasi. Ine zinandithandiza. Makinawo muganizirenso za sefa: imafunika kusintha pakatha miyezi 6 mpaka 12. Mukaipeza kuti ku Blantyre? Mudzakhala mukudikira wobwera kuchokera kuno chaka ndi chaka.

Gondwe, Mzuzu
Nanga magetsi? Makinawo amafunika azilira usiku wonse, zitseko ndi mawindo zili zotseka. Nyumba zathu zambiri zili ndi mabowo olowetsa mpweya pamwamba pa mawindo, zina zilibe siling'i. Ndiye ukhala ukusefa mpweya wa dera lonse.

Nangozo, Leeds
Za zokutirazo ndikugwirizana nazo kuposa makina, popeza zikulimbana ndi vuto pamene lili. Koma ndisakubiseni achemwali: kafukufuku wa ku Netherlands yemwe anasindikizidwa mu New England Journal of Medicine mu 2003 anapeza kuti zokutira zinachepetsadi zoyambitsa ziwengo pamatiresi, koma odwalawo sanapeze bwino kuposa anzawo omwe anapatsidwa zokutira wamba. Pachokha chinthu chimodzi sichikwanira. Tizilomboti tilinso m'bulangeti, m'makatani, pasofa.

Mayi a Chisomo, Johannesburg
Kafukufuku anene zake, koma ine m'mawa sindiyetsemulanso ngati kale. Ngakhale n'zoona kuti nthawi yomweyo ndinatayanso kapeti ndi kuyamba kuchapa ndi madzi otentha.

Anachisale, Zomba
Tsono za dzuwa ndinanena zija n'zolakwika? Ife tinakula tikuyanika mphasa ndi zofunda Loweruka lililonse, matenda awa sitinkawamva.

Nangozo, Leeds
Simunalakwe amayi. Dzuwa lamphamvu limaumitsa ndi kupha tizilomboti, makamaka m'zinthu zopyapyala ngati mphasa, kapeti ndi bulangeti. Kungoti zonyansa zake zimatsalira, ndiye pamafunikanso kuchapa. Madzi ozizira amachotsa zonyansazo zambiri, koma kupha tizilombo pamafunika madzi ofika madigiri 60. Opanda makina ochapira angathe kuthira magawo awiri a madzi owira ndi gawo limodzi la ozizira m'beseni, n'kuviikamo mashiti ndi nsalu za mapilo kwa kanthawi asanachape, ana ali kutali. Kamodzi pasabata. Zidole za Tadala, ngati amabwera nazo pabedi panu, zikhale mufiriza usiku ndi usana umodzi kenako muzichape. Pansi kukolopa, osati kusesa mouma, ndipo wokuntha matiresi akhale bambo a Tadala, inu muli kutali.

Mayi a Tadala, Chilomoni
Mwandikumbutsa chinthu. Mu October ndinapita kumaliro kumudzi ku Ntcheu, ndinakhala masiku asanu ndikugona pamphasa. Fumbi linali lambiri panja, koma sindinayetsemule m'mawa ngakhale tsiku limodzi, ngakhale kuti kabotolo ndinkapoperabe. Nditabwerera, usiku woyamba womwewo zinayambiranso.

Ndiye ndalowa kuchipinda ndi maso ena. Pilo wanga ndi wa chikwatire, zaka 9. Bulangeti lathu ndi lija lolemera la pakaunjika, timalichapa kawiri pachaka chifukwa kuuma kwake ndi ntchito. Neti ya udzudzu pamwamba pake pali fumbi loti mutha kulemba dzina ndi chala. Ndipo nditasuntha wadiropu ndapeza khoma lonse lakuda ndi nguwi, kuyambira pansi kufika m'chiuno, likununkha chinyezi. Nyumba yathu ili m'munsi mwa phiri la Michiru, madzi amatsikira mbali imeneyo.

Jere, Limbe
Mwaona tsono? Nguwi nayonso imayambitsa zizindikiro zomwezo, mphemvu chimodzimodzi. Simukudziwabe kuti mdani wanu ndi uti. Kuyeza kwake kulipo: amadontheza timadzi tosiyanasiyana pamkono n'kubaya khungu pang'ono, pakatha mphindi 15 pomwe thupi likudana napo pamatupa ngati poluma udzudzu. Pamafunika kusiya Piriton, cetirizine ndi anzake masiku angapo musanayezetse. Palinso kuyeza magazi kotchedwa IgE, komwe nakonso kumaonetsa zomwe thupi likudana nazo. Pemphani kalata yokutumizani ku Gulupu, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, kwa madokotala a makutu, mphuno ndi kukhosi, akayang'ane m'katimo. Nthawi zina mumakhala tinyama tomera tomwe amati ma polyp, makamaka ngati mwasiya kumva fungo. Ndipo wina aliyense amene akuwerenga: mphuno imodzi yokha ikamatseka osasintha, kapena mamina akamatuluka ndi magazi kawirikawiri, kapena m'chifuwa mukamalira usiku, musadikire.

Bambo a Mphatso, Area 25
Zonsezo ndamva ndipo sindikutsutsa. Koma mwayi woti wina akulipirireni theka subwera kawiri. Mu September ndi October fumbi ndi utsi zikadzafika, mphuno zodwala kalezo zidzavutikanso. Ine ndikanatenga.

Gondwe, Mzuzu
Theka la mtengo wa chinthu chomwe sichikuchiza ndi ndalamabe, bambo. Lendi ya mwezi ndi theka imagula mapilo, bulangeti lopepuka, mankhwala a miyezi ingapo, n'kutsalako yokonzera khoma.

Mayi a Tadala, Chilomoni
Ndabweranso patatha masiku 12. Achimwene ndawauza kuti makina ayambe aima, atumize zokutira matiresi ndi mapilo awiri. Anadandaula pang'ono chifukwa anali atasankha kale, koma amva. Ndinaonana ndi dokotala, wandipatsa beclometasone ndi kalata ya ku Gulupu. Kabotolo kakale ndinasiya mphuno ya kumanzere kaye, kenako ya kumanja. Mausiku anayi oyamba ndinalira ndithu. Dzulo ndagona mpaka 4 koloko m'mawa pakamwa pali potseka. Kuyetsemula kukadalipo. Pilo wakale ndataya, khoma tatsuka ndi jiki, koma eni nyumba sanabwerebe kudzaona pomwe madzi akulowera.

Bambo a Mphatso, za October sindinaiwale, tidzaona nthawiyo mphuno zili bwanji. Funso langa lero: m'mphuno mwayamba kuuma ndipo dzulo pomina ndinaona timagazi pang'ono. Ndisiye mankhwalawa?

Nangozo, Leeds
Timagazi tochepa timachitika kawirikawiri mankhwala akamawomba khoma lapakati pa mphuno. Weramitsani mutu pang'ono, gwirani botolo ndi dzanja lamanja popopera mphuno ya kumanzere, lamanzere popopera ya kumanja, kuti kamlomo kake kaloze kukhutu. Osakoka mpweya mwamphamvu, mukamva kuwawa kwa mankhwala kukhosi ndiye kuti apitirira. Musanapopere tsukani m'mphuno ndi madzi amchere: wiritsani madzi opitirira pang'ono theka la lita, azizire, muthiremo supuni yaing'ono imodzi ya mchere ndi ina ya soda. Madzi akhale owiritsa nthawi zonse, osati apampopi. Magazi akachuluka kapena akapitirira masiku angapo, imani kaye mubwerere kwa dokotala uja. Ku Gulupu akupatsani tsiku liti?

Mayi a Tadala, Chilomoni
Lachinayi la sabata yamawa. Piriton ndasiya kale kuti mwina akandiyeza.