Ophunzira anga akusokoneza hypo ndi hyper, ndiwathandize bwanji?

Sista wa ku wodi ya ana:
Anzanga, ndigawireni nzeru. Sabata yatha usiku tinalandira mwana wa zaka zitatu wodwala malungo aakulu, ali chikomokere. Wophunzira amene ndinali naye anamuyeza shuga, makina anaonetsa 1.9, shuga wotsika kwambiri. Pondiuza anati mwanayu ali ndi hyperglycaemia, kutanthauza shuga wokwera, ndipo m'fayilo analembanso choncho. Mwayi wake ndinafunsa nambala. Tinamupatsa dextrose wa 10%, madzi a shuga olowa mumtsempha, mamililita 5 pa kilogalamu iliyonse, posakhalitsa anatsegula maso. Koma mtima wanga sunakhazikikebe. Mtsikana wophunzirayu si waulesi ayi, amawerenga. Chimene ndaona n'chakuti mawu aataliwa amangowaloweza athunthu, osadziwa kuti m'kati mwake muli chiyani. Inu mumawaphunzitsa bwanji?

Mphunzitsi wa anamwino:
Pepani asisita, zimenezi zimatichitikira tonse. Ine ndinasiya kuwalembera mndandanda wa matanthauzo. Ndimatenga liwu limodzi n'kuliduladula pa bolodi ngati nzimbe. Hypoglycaemia ili ndi mfundo zitatu, zonse zochokera ku Chigiriki: hypo ndi pansi kapena kuchepa, glyc ndi chotsekemera, aemia ndi magazi. Kuwerenga pamodzi, chotsekemera chachepa m'magazi. Hyper ndi pamwamba, kupitirira muyeso. Akangogwira mphatikiri awiriwa, mawu ambiri amadzitanthauzira okha. Hypotension, magazi akuthamanga mofooka. Hypothermia, thupi lazizira, chifukwa therm ndi kutentha, monga mu thermometer. Hypoxaemia, okosijeni wachepa m'magazi, pamene timathamangira kukayatsa concentrator, makina opereka okosijeni, nambala ya okosijeniyo ikatsika pansi pa 90.

Ndimawakumbutsanso Chichewa chathu chomwechi. Mwana yemweyo tikati kamwana tamuchepetsa, tikati chimwana tamukulitsa. Tsinde silinasinthe, chasintha ndi chapoyambira. Hypo ndi ka-, hyper ndi chi-. Amaseka, koma saiwala.

Clinical officer wa kuchipatala chaching'ono:
Aphunzitsi, fanizo la ka- ndi chi- ndalikonda, koma likhoza kuwapunthwitsa penapake. Hypo sikuti nthawi zonse ikunena kuchepa. Nthawi zina ikunena malo. Hypodermic ndi singano yolowa pansi pa khungu, poti derma ndi khungu, palibe chachepa pamenepo. Hypothalamus ndi kachigawo ka ubongo kokhala kunsi kwa chigawo china chotchedwa thalamus. Ine ndikadakonda muziwapatsa liwu loti pansi, chifukwa limagwira konsekonse: pansi pa muyeso, pansi pa khungu. Komanso tisaiwale chimene chinapulumutsa mwana uja. Asisita anafunsa nambala. Mawu awiriwa amasiyana ndi zilembo ziwiri zokha, ndipo munthu wotopa, pakati pa usiku, atavala masiki, makutu sasiyanitsa.

Mphunzitsi wa anamwino:
Mwanena zoona achimwene. Ndiyamba ndi pansi, ka- ndi chi- zizibwera pambuyo ngati chokumbutsira chabe.

Wa ku labu:
Kwathu kuno amene amavutitsa ndi hypokalaemia ndi hyponatraemia. Ophunzira amamva kuti china chake chachepa m'magazi, koma chiyani? Amafufuza potassium ndi sodium, yomwe ndi michere ya m'magazi, m'mawumo osawapeza. Auzeni ayang'ane pepala la zotsatira: potassium timalemba K chifukwa dzina lake lina ndi kalium, sodium timalemba Na chifukwa ndi natrium. Potassium akatsika pansi pa 3.5 ndiye hypokalaemia, sodium pansi pa 135 ndiye hyponatraemia. Mwana wotsegula m'mimba kwa masiku angapo, kapena wonyentchera, potassium wake amatsika msanga, minofu n'kulefuka, mtima n'kuyamba kugunda mosalongosoka.

Mzamba:
Asisita, ine ndionjezere chimodzi chimene chimandikhudza kwambiri. Mawuwa tisawaphunzitse paokhapaokha ngati kuti aliyense amadwalitsa mwana wake. Kwa makanda amayendera limodzi. Khanda lobadwa masiku asanakwane likazizira, kutentha kwa thupi kukatsika pansi pa 36.5, limawotcha shuga wake wochepa uja pofuna kudzifunditsa, ndiye hypothermia imakoka hypoglycaemia. Mwana wotero amasiya kuyamwa, shuga n'kutsikirabe. N'chifukwa chake timamuika pachifuwa pa mayi, khungu kukhudzana ndi khungu, kum'veka chipewa, n'kuonetsetsa kuti mkaka walowa ngakhale ndi kapu. Ine wophunzira ndimapita naye pabedi pomwepo. Ndimam'gwiritsa mapazi a khanda, ndimam'funsa kuti wamva chiyani, kenako ndiye ndimatchula liwu la Chingerezi. Likabwera dzanja litamva kale kuzizira, silichokanso m'mutu.

Kwa amayi n'chimodzimodzi. Mayi wataya magazi ambiri atachira, ndiyo hypovolaemia, magazi achepa m'mitsempha. Mayi woyembekezera amene BP yafika 140 pa 90 kapena kuposa, mutu ukum'pweteka, ndiyo hypertension, ndipo maso athu ali pa pre-eclampsia, matenda oopsa a BP yokwera pa nthawi ya pakati. Woyambayo akufuna dilipi yothamanga, wachiwiriyo dilipi yothamangayo ikhoza kumudzaza madzi m'mapapo. Kusokoneza pamenepa n'kutaya munthu.

Sista wa ku wodi ya ana:
Zikomo nonse, mwandimasula. Lolemba ndikhala nawo pansi ophunzira anga onse asanu tisanayambe kuzungulira odwala. Tiduladula mawu monga mwanenera aphunzitsi, kenako tipita pabedi monga anenera amayi azamba. Ndipo kuyambira pano m'wodi mwanga wopereka lipoti azitchula nambala poyamba, kenako anene m'Chichewa kuti shuga watsika kapena wakwera, Chingerezi chibwere pomaliza. Pakhoma ndimata pepala: mwana wabwinobwino shuga pansi pa 2.5, wonyentchera pansi pa 3, perekani dextrose osadikira. Mtsikana uja ndilankhula naye payekha kaye, chifukwa chichitikireni zija akuyenda wowerama ndipo wasiya kufunsa mafunso.

Clinical officer wa kuchipatala chaching'ono:
Papepalapo mulembenso kuti ngati timapepala toyezera shuga tatha, mwana wokomoka apatsidwe dextrose basi, osataya nthawi kusakasaka. Ndipo patatha mphindi 30 aonedwenso, chifukwa wa malungo shuga amatha kutsikanso.