Apongozi akuti mwana akhale Rose, amayi anga akukana. Ndithandizeni maganizo

Membala wobisa dzina, Thyolo
Moni nonse. A admin chonde dzina langa lisaoneke, abale ambiri ali momuno. Ndine mayi wa cha ku Bvumbwe, ndachira sabata yatha, mwana wamkazi, woyamba. Mchombo wagwa dzana ndipo Loweruka tikutuluka m'chikuta, koma nkhani ya dzina yatiimitsa mitu. Poti ndi mwana woyamba, otcha dzina ndi akuchimuna, ndiye apongozi anga akuti akhale Rose, dzina la malemu amayi awo.

Agogo amenewo ndinawapeza ali moyo. Anathyola tiyi ku esiteti kuyambira ali mtsikana, dengu kumsana, zala zili ming'alu yokhayokha. Tsiku loyamba kukaonekera kwawo anakhalira pamoto tsiku lonse kundiphikira kalongonda, ati mlendo wa mdzukulu wawo asabwerere ndi njala. Ndinkawakonda kwambiri.

Koma amayi anga akukanitsitsa. Akuti dzina la womwalira limabwera ndi mavuto a mwini wake, poti agogowo anavutika pa moyo wawo, anaika ana awo angapo m'manda. Anzanga nawo akuti ndi dzina lachikale. Bambo a mwana angoti zii, akuopa kukhumudwitsa uku ndi uku. Ine dzinali ndikulifuna, kungoti sindifuna kupatsa mwana dzina loti ndidzalephere kumufotokozera akadzakula. Limatanthauza chiyani, linachokera kuti? Nanga alipo amayi odziwika amene anali ndi dzinali, oti ndikawatchulire amayi anga?

Aphunzitsi opuma, Chitakale
Mwana wanga, tithokoze Mulungu kuti mwachira bwino. Rose ndi duwa lija lonunkhira, la minga kutsinde, ndipo mawuwo anachokera ku Chilatini, rosa. Ofufuza mayina amanenanso kuti lili ndi muzu wina wakale wa Chijeremani wonena za kutchuka, umene anthu a ku Normandy, chigawo cha dziko la France, anapita nawo ku England, kenaka anthu n'kuliphatikiza ndi dzina la duwalo. Kwathu kuno linafala ndi amishoni pa ubatizo, n'chifukwa chake m'midzimu muli a Rozi, a Roza ndi a Rozina ambirimbiri.

Tsono za munthu wodziwika musapite kutali. Masulani mfundo ya chitenje mutulutse K200, muyang'ane nkhope ili pamenepo. Amenewo ndi mayi Rose Chibambo, obadwa mu 1928 ku Mzimba, ndipo ali pa ndalamayo kuyambira 2012. Anasonkhanitsa amayi kuti alimbane ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland nthawi imene ndale zinkaoneka ngati za abambo okha. Mu 1959 atsamunda anawamanga atangochira kumene ngati inuyo, n'kupita nawo kundende ya Zomba khanda lili m'manja. Mwanayo anamutcha Gadi chifukwa cha alonda a kundendeko. Pa mpungwepungwe wa nduna wa 1964 anasemphana ndi Kamuzu, n'kuthawira ku Zambia, ndipo anabwerera kumudzi mu 1994. Anamwalira mu 2016. Ine ndikamaphunzitsa mbiri yawo, atsikana m'kalasi ankakhala chete kuposa masiku onse. Amayi anu mukawasonyeze ndalamayo.

Mayi wa bungwe la amayi Achikatolika, Luchenza
Kwa ife dzinali ndi la woyera. Rose wa ku Lima, ku Peru, anabadwa mu 1586 n'kumwalira mu 1617 ali ndi zaka 31. Dzina lake la ubatizo linali Isabel, la Rose linabwera pambuyo. Ankasamalira odwala ndi osauka pakhomo pa makolo ake, ndipo ndiye woyamba wobadwira kumaiko a ku America kulengezedwa kuti ndi woyera, mu 1671. Timamukumbukira pa 23 Ogasiti.

Bambo wina, Thekerani
Zonse zanenedwazi n'zoona, koma achemwali, amayi anu musawatenge ngati osadziwa zinthu. Akuopera mdzukulu wawo. Musawagonjetse ndi mbiri ya pa foni, adzaona ngati mwawachititsa manyazi pamaso pa asewere awo. Itanani ankhoswe a mbali zonse akhale pansi Loweruka lisanafike.

Mayi wina, Muloza
Ine ndinatchedwa dzina la malemu azakhali anga amene sanaone sukulu n'komwe, koma ndine namwino lero. Umphawi wa agogowo unachokera ku malipiro ochepa a kumunda wa tiyi, dzina lilibe mlandu. Komanso bwanji osampatsa awiri? Apongozi atche Rose, amayi anu atche lachichewa, kaya Tadala kaya Chisomo, onse alembedwe pa kabuku ka kusikelo ndi pa chiphaso chobadwira.

Membala wobisa dzina, Thyolo
Zikomo nonse, makamaka inu aphunzitsi. Za kundende ya Zomba zandigwetsa misozi, mwana ali pabere pompano. Bambo a ku Thekerani mwanena zoona, ndatuma mlongo wanga akaitane amalume mawa. Za mayina awiri ndazikonda, koma ndifunsenso: loyamba pa chiphaso likhale liti kuti wina asaone ngati waikidwa kumbuyo? Amene munadutsamo mundiuze munachita bwanji.