Za ana a achimwene aja, nkhani yafika apa

Mwezi watha ndinafunsa za achimwene anga omwe amamwa kachasu mpaka kuiwala ana, mayi a anawa anamwalira paja. Ambiri munati ndiimbe 116, nambala yothandiza ana, ndinaimbadi, ndi yaulere, ndipo anandilumikiza ndi a social welfare kuboma kuno. Tinakhala pansi ndi amalume awo a anawa komanso amfumu, tagwirizana kuti azikhala kwa ine kaye.

Achimwene anakalipa zedi, ati ndawalanda ana, koma abale tsiku lomwe ndinakawatenga ndinapeza wamng'onoyo akukazinga chimanga pambaula yekha 9 koloko usiku, bambo ake ali thapsa pakhonde. Panopa amabwera Lamulungu kudzawaona, bola asanamwe. Sabata yatha anabweretsa sopo ndi makope awiri, ine mpaka kudabwa.