Amayi akukwanitsa zaka 70 mu Julaye, phwando tilikonze bwanji kuno ku Mzuzu?

Funso (membala wosatchula dzina)

Moni nonse pagulu pano. Amayi athu akukwanitsa zaka 70 mwezi wa Julaye ndipo ana awo tagwirizana kuwachitira phwando pakhomo, ku Chibavi. Tawerenga anthu 80: abale a ku Ekwendeni ndi ku Nkhata Bay, amayi anzawo a Umanyano (gulu la amayi a mpingo wa CCAP), ndi oyandikana nafe. Tikufuna kwaya komanso DJ. Amene mumadziwa izi tithandizeni: chakudya tigule chochuluka bwanji, pulogalamu iyende motani, nanga magetsi akathima? Amayiwo ali ndi BP ndipo phokoso salikonda.

Wophika pa maukwati, Katoto

Achemwali, mukawerenga 80 phikirani 110. Phwando la pakhomo lilibe khadi. Wina abwera ndi mwana, wina ndi mlamu wake, ndipo simungabweze munthu pachipata.

Mpunga wa Kilombero gulani makilogalamu 12, poti kilogalamu imodzi imadyetsa anthu 8 mpaka 10 pakakhala nsima pambali. Ufa woyera makilogalamu 10, chifukwa akuluakulu ambiri akadya mpunga wokha amati sanadye. Nkhuku zoyera 14, iliyonse muidule zidutswa 8. Nyama ya ng'ombe makilogalamu 10, mafuta malita 10, anyezi makilogalamu 5, tomato ndowa imodzi, kabichi mitu 10. A ku Nkhata Bay aja apatseni poto wa kondowole, koma aphike mmodzi wa iwo omwe. Kondowole amafuna dzanja lozolowera, ndipo aphikidwe pomalizira chifukwa akazizira amalimba.

Pamene ambiri amagwa ndi pa mpunga. Mukathira wonse mu poto mmodzi umapserera pansi pamwamba usanapse. Ugaweni m'mapoto atatu, makilogalamu 4 poto aliyense. Madzi awire kaye, makapu atatu a madzi pa makapu awiri a mpunga wotsuka. Madzi akangouma pamwamba chotsani nkhuni, siyani makala ochepa pansi, ena muike pa chivundikiro, ndipo osavundula. Muphike m'mawa wa tsiku lomwelo. Mpunga wogona pofunda umatsegula m'mimba ngakhale mutautenthetsanso. Nyama ndi nkhuku mutha kudula ndi kuwiritsa dzulo lake pokhapokha ngati muli ndi firiji yodalirika.

Ndiwo za amayi patulani musanathire mchere wambiri ndi zokometsera za m'mapaketi, izo zimakhala ndi mchere wochuluka. Mankhwala awo amwe nthawi yawo yonse ija, pasaiwalike chifukwa cha piringupiringu wa m'mawa.

Wa zokuzira mawu, Luwinga

Pabwalo la nyumba masipika awiri a pasitandi, mikisa yaing'ono ndi maikolofoni awiri zakwana. Masipika akulu a besi asabwere, ndiwo amagwedeza chifuwa ndi kudwalitsa okalamba mutu. Sipika iime kutsogolo kwa wolankhula, iyang'ane anthu. Ikakhala kumbuyo kwa maikolofoni ndi pamene mumamva kulira kwa tswiii kuja, chifukwa mawu otuluka akulowanso mu maikolofoni. Tebulo la amayi likhale chapambali, mamita osachepera 5 kuchokera pa sipika.

Za magetsi: bwerekani jenereta ya 2.5 kapena 3 kVA. Imamwa pafupifupi lita imodzi pa ola, ndiye pa maola asanu sungani malita 7. Ilumikizidwe ku zokuzira mawu zokha. Wina akalumikizako ketulo, yomwe payokha imakoka mawati pafupifupi 2000, jenereta imazima pakati pa pemphero. Muiike panja, kutali ndi tenti ndi mawindo, utsi wake umapha m'malo otsekeka. Pothira petulo muizimitse kaye izizire. Polumikizira mawaya pasagone pansi, ku Chibavi nthaka imakhala yonyowa; pakhale pa mpando, povundikira. Ndipo ngati phwando lili Loweruka muiyese Lachisanu, osati tsiku la phwando.

Mayi wa ku Mchengautuwa

Mwati Julaye? Kumbukirani kuzizira kwa kuno. Tenti ikhale ya mbali zotseka kumene kukuchokera mphepo, chifukwa mvula yowaza ija imabwera osatsanzika. Yambani 11 koloko m'mawa, pofika 4 koloko anthu azinyamuka. Dzuwa limalowa cha m'ma 5:30, ndipo a ku Nkhata Bay ali ndi makilomita pafupifupi 50 a msewu wokhotakhota. Pakhale tiyi wotentha m'mafulasiki. Zakumwa zozizira akulu sazifuna nyengo imeneyi, makireti 5 akwana.

Wofunsa

Zikomo kwambiri. Achimwene athu akuti DJ ayambe m'mawa kuti pakhomo padziwike kuti pali chisangalalo. Ine ndikukayika. Komanso perekani-perekani tichite kapena ayi?

Woyendetsa miyambo, Zolozolo

Achimwene anuwo auzeni mwaulemu kuti tsikuli ndi la amayi, si la adzukulu. DJ akayamba m'mawa amayi adzatopa mwambo usanayambe, ndipo oyandikana nanu adzadandaula. M'mawa paziyimba nyimbo zauzimu motsitsa basi.

Dongosolo lomwe limayenda bwino ndi ili. Amayi atuluke m'nyumba anthu atakhala kale, amayi a Umanyano akuwaperekeza ndi nyimbo. Pemphero ndi mawu a m'busa mphindi 20. Kwaya nyimbo ziwiri. Kenako mbiri ya moyo wawo, awerenge mwana woyamba: kumene anabadwira, sukulu, ukwati, ana, adzukulu. Apa musathamange, ndiye mtima wa phwando lonse. Munthu wa zaka 70 anabadwa dziko lino likadali Nyasaland, ufulu wa 1964 unamupeza ali mwana, ndipo adzukulu ambiri sanamvepo zimenezi. Khalani nawo pansi sabata ziwiri zisanafike, mufunse, mulembe, iwo avomereze zomwe ziwerengedwe pagulu. Pali zina, monga za ana amene anatisiya, zimene mwina sangafune kuti zitchulidwe pa maikolofoni.

Olankhula asapose anayi: wa kuchimuna, wa kuchikazi, wa kumpingo, mdzukulu mmodzi, aliyense mphindi zitatu. Auzeni pasadakhale, chifukwa kumudula munthu wamkulu ali pakati n'kovuta. Woyendetsa mwambo azidziwa Chitumbuka ndi Chichewa, agogo ena a kumudzi asatsalire m'mbuyo. Chakudya 1 koloko, akulu apatsidwe pamene akhala, asaime pamzere. Keke ibwere anthu atadya, ndipo DJ atsegule pambuyo pake.

Perekani-perekani wa ngati paukwati ine sindimulimbikitsa. Amatenga ola lathunthu ndipo amachititsa manyazi amene alibe. Ikani lichero patsogolo pa amayi, muitane magulu: ana, adzukulu, a mpingo, anansi, gulu lililonse nyimbo imodzi. Amene ali kutali atumize pa Airtel Money kapena Mpamba ku nambala imodzi, wosunga azilemba m'kope.

Wa zokuzira mawu, Luwinga

Ndionjezere pa DJ. Afunseni amayi nyimbo khumi zomwe ankavina ali mtsikana, za pa MBC m'ma 1970, mumupatse DJ masiku atatu zisanachitike. Mukamusiya yekha adzaika zomwe zili m'fasho, zina za mawu osayenera pamaso pa apongozi ndi abusa. Kwaya isamaimbire pa maikolofoni imodzi m'manja mwa wotsogolera, ena onse samveka. Iikeni pa sitandi, pakati, mita imodzi kutsogolo kwawo.

Telala, Chibanja

Ngati mukufuna nsalu ya banja, pitani ku msika wa Taifa mwezi uno. Gulani yonse kamodzi, mukabwerera kachiwiri mtundu womwewo mumapeza watha kapena utoto wasiyana. Nsalu yathunthu ndi mayadi 6, imatulutsa zitenje zitatu. Diresi lalitali ndi mpango limadya mayadi 4 mpaka 6, malaya a abambo mayadi awiri kapena awiri ndi theka. Muichape musanaidule chifukwa ina imafupika. Diresi la amayi likhale la manja aatali, lokhala ndi layiningi, ndipo adzayese kutatsala sabata.

Wophika pa maukwati, Katoto

Keke ndinaiwala. Yozungulira ya masentimita 25 imatuluka tizidutswa pafupifupi 30, ndiye yoti amayi adule ikhale imodzi, ina yosakongoletsa muiduliretu kukhitchini. Makandulo gulani a manambala, 7 ndi 0. Chindongwa (thobwa) muphike Lachinayi madzulo kapena Lachisanu m'mawa, ndowa ziwiri za malita 20, ndipo m'ndowa imodzi musathire shuga, pali akulu ena odwala matenda a shuga.