Ndikufuna kusiya Ninja 250 yanga, koma miyendo yanga ndi yaifupi

Kafupi_wa_Ntcheu analemba:

Moni akuluakulu nonse. Ndakhala ndikungowerenga zanu mwakachetechete, koma lero ndati nane nditulutse langa, paja safunsa anadya phula.

Ndimakhala ku Rosettenville kuno ku Joni, ntchito ndimagwira ku Midrand. Tsiku ndi tsiku ndimapita ndi kubwera pa njinga yamoto, Kawasaki Ninja 250R ya 2009, yobiriwira, imene ndinagula kwa mdala wina zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Sinandichititsepo manyazi panjira, koma yatopa. Oilo yayamba kumwa ngati tiyi, shoko yakumbuyo inafooka kalekale, ndipo ndikalowa mu M1 anzanga onse akuthamanga 120, ine injini ili kulira momvetsa chisoni. Kuti ndipitirire thiraki ndimayamba ndapemphera. Mukudziwa Joni ili pamtunda, mamita oposa 1,700, ndiye kainjini ka 250 sikachedwa kuchita befu. ABS, chida chija chothandiza kuti matayala asatsetsereke ukagwira buleki mwamphamvu, ilibenso. Mwezi watha takisi inangoima mwadzidzidzi kutsogolo kwanga mvula ikugwa, nditagwira buleki tayala lakutsogolo linatsetsereka, ine n'kungoti basi, kwanga kwatha. Mulungu yekha.

Tsono vuto ndi ili. Msinkhu wanga ndi 163 cm, kulemera 58 kg. Ndadziyeza kuchokera pansi kufika mphechepeche, ndapeza 74 cm. Chishalo cha Ninja yangayi papepala amati ndi 775 mm, ndipo ndikaima ndimaponda ndi mapazi onse awiri, zidendene zokha ndiye zimatsalira m'mwamba pang'ono. Loweruka ndinapita kushopu ina yogulitsa njinga zamoto. Ndinakhalira Honda CBR650R, ya 810 mm, ndi Yamaha MT-07, ya 805 mm. Kusiyana kwake ndi yangayi ndi masentimita atatu kapena kuposerapo pang'ono basi. Koma pa CBR paja, abale, ndinalendewera ngati mwana amene waba njinga ya bambo ake. Zala zokha ndi zimene zinkakhudza simenti. Mnyamata wogulitsayo anachita kugwira handulo kuti ndisagwe nayo, kwinaku akudzikakamiza kusaseka. Pa MT-07 zinali bwinoko, koma ine mtima wanga uli pa njinga yokhala ndi fairing, mapulasitiki aja otchinga mphepo, chifukwa mphepo ya mu highway m'mwezi wa June si yocheza nayo.

Ndikufuna yogwirako kale ntchito, ya 2017 kupita m'tsogolo, yokhala ndi ABS. Laisensi ndili nayo ya Code A, ya njinga zazikulu. Kodi nditenge iti? Nanga zotsitsa njinga zija zimaononga kayendedwe kake? Chimene ndimaopa kwenikweni si liwiro ayi. Ndimaopa kugwa nditaima pa roboti, makamaka magetsi akazima, pamene umayenda pang'ono n'kuima, kuyenda pang'ono n'kuima, kumbuyo kuli matakisi akukuimbira mabelu.

---

Mphezi_R6 anayankha:

Amwene musadzichepetse. Tengani Yamaha R6 basi mutseke nkhani. Dani Pedrosa ndi 158 cm, wamfupi kuposa inu, koma anathamanga mpikisano wa njinga zamoto wa MotoGP zaka zambirimbiri. Miyendo imagwira ntchito ukaima, ndiye musamaime, kikiki.

---

Madala_Sipanala anayankha:

Mphezi mwana wanga, Pedrosa wakoyo pa mpikisano ankaima pa roboti iti? Akalowa mu pit, malo okonzera njinga pa mpikisano, pamakhala anyamata omulandira njinga. Mnzakoyu akalandiridwa ndi ndani pa Booysens? R6 chishalo chake ndi 850 mm, mahandulo ali pansi, ndipo injini yake imadzuka pokhapokha yakwiya. Chikomekome cha mkuyu.

Achimwene a ku Ntcheu, ine ndakhala ndikukonza njinga zamoto kuno zaka zambiri, ndiye ndikuuzeni chimene chinakuchitikirani Loweruka. Mukuti kusiyana ndi masentimita atatu. Ayi. Ninja yanuyo siilinso pa 775. Siponji ya chishalo inaphwa, shoko mwanena nokha kuti inafooka, ndiye mukakhalapo imatsika kwambiri kuposa mmene inkachitira ili yatsopano. Mwakhala zaka zisanu ndi chimodzi pa njinga imene inadzitsitsa yokha. Njinga iliyonse yabwinobwino idzakuonekerani yaitali sabata zoyamba, ngakhale nambala itakhala yomweyo.

Chachiwiri, nambala ya papepala ija imangonena kutalika kuchokera pansi, sinena m'lifupi. Mwendo sutsika molunjika ngati chingwe, umayamba wazungulira chishalo ndi felemu. CBR650R ili ndi masilinda anayi ondandalikana chopingasa, pakati pake m'potakata, ntchafu zimatangadza, miyendo n'kuthera m'njira. MT-07 masilinda ndi awiri, m'chiuno ndi yowonda, n'chifukwa chake munaimva bwinoko ngakhale zikusiyana ndi 5 mm yokha.

Kakhalireni izi musanaganize zina. Suzuki SV650 ya 2016 kupita m'tsogolo, 785 mm, injini ya V-twin, yowonda kwambiri pamene thanki ikumana ndi chishalo, koma fairing ilibe. Kawasaki Ninja 650 ya 2017 kupita m'tsogolo, 790 mm, 193 kg. Apa chenjerani ndi chaka. Ya 2012 mpaka 2016 dzina ndi lomwelo koma ndi njinga ina, chishalo 805 mm ndipo imalemera kupitirira 200 kg. Anthu amatengeka ndi mtengo wotsika n'kukadandaula pambuyo. Palinso Honda CBR500R, 785 mm, yofatsa, yosamwa petulo kwambiri. Ndipo musainyoze Ninja 400. Ndi 785 mm, 168 kg, kulemera kwake ngati yanu yomweyo, koma mu highway simudzapempheranso popitirira thiraki. Kwa munthu wa 58 kg, makilogalamu 25 osiyanitsa 400 ndi 650 mudzawamva tsiku lililonse pokankha njinga pageti.

Za kutsitsa. Yambani ndi zosaononga kanthu. Shoko yakumbuyo ili ndi pochepetsera preload, ndiko kufinyika kwa sipuling'i yake. Kufakitale amaitchera munthu wolemera kuposa inu, ndiye mukakhalapo njinga siitsika mokwanira. Kungoibweza pang'ono mumapezapo mamilimita angapo, komanso njinga imasiya kukudumphitsani m'mabampu. Kenako chishalo. Pitani nacho kwa osoka mipando ya galimoto, asende siponji, koma muwauze kuti asende kwambiri m'mbali chakutsogolo, osati pamwamba pokha. Akachotsa yambiri pamwamba mudzakhalira pulasitiki, pofika ku Midrand matako atachita dzanzi.

Lowering link, kachitsulo kolumikiza shoko kamene amasintha kuti njinga itsike, ibwere pomaliza. Imatsitsa kumbuyo, kawirikawiri masentimita awiri kapena atatu. Mukatsitsa kumbuyo kokha njinga imakhala ngati yakhala chogona, imakanika kukhota msanga, ndiye pamafunika kukweza mafoloko m'zogwirira zake kuti kutsogolo kutsikenso mofanana. Ndiye pali sitandi. Ichi ndiye anthu amaiwala. Njinga ikatsika sitandi n'kukhala yomweyo, imaima chilili, kamphepo pang'ono kapena mwana kungoitsamira, yagwera kumanja. Ndinaonapo mnyamata atalipira ndalama zambiri kuti asagwe pa roboti, njinga n'kukagwa yokha pabwalo iye ali m'nyumba kumwa tiyi. Sitandi iyenera kudulidwa kapena kusinthidwa. Ndipo mukasintha zotere auzeni a inshuwaransi.

---

NaPhiri_paSV anayankha:

Achimwene, ine ndine 157 cm, ndimakhala ku Cape Town, ndimayenda pa SV650 ya 2018 yosatsitsa chilichonse. Chishalo chokha ndinasendetsa m'mbali monga anenera madalawa.

Ndakuwerengani bwinobwino, ndipo ndaona kuti mukufunafuna njinga yoti muziponda ndi mapazi onse awiri. Imeneyo pa njinga za mtundu umene mukufunawu simuipeza. Ine mapazi awiri ndinawasiya kalekale. Ndikamayandikira poima ndimatsitsiratu magiya mpaka yoyamba, ndimasuntha thako kumanzere, phazi lamanzere lonse limatera pansi mpaka chidendene, lamanja limakhala pa buleki yakumbuyo. Njinga imapendekera pang'ono kumanzere n'kutsamira ntchafu. Phazi limodzi loponda lonse limagwira kuposa zala khumi zonyang'ama. Ukanyang'ama mbali zonse ziwiri njinga siidziwa kogwera, imangogwedezeka pakati, ndipo ikasankha yokha mbali umakhala wachedwa.

Ndinaphunzira izi Lamlungu m'mawa pamalo oimika magalimoto opanda anthu. Kunyamuka, kuima, phazi pansi, kunyamukanso, mpaka thukuta m'chisoti. Muyesenso ndi phazi lamanja, chifukwa tsiku lina kumanzere kudzakhala dzenje kapena msewu wotsetserekera kungalande. Maso azikhala pamene phazi likatere musanafike n'komwe. Mchenga, oilo wa matakisi pakati pa msewu, mizere yoyera ija mvula ikagwa, zonsezo wamtali amangopulumuka nazo, ife ayi. Ndipo osaima mahandulo atakhota. Ukagwira buleki yakutsogolo tayala litakhota, njinga imagwera komweko nthawi yomweyo.

Kugwa ndinagwa, sindibisa. Kawiri. Koyamba kunali ku Woodstock, mphepo ija ya kum'mwera chakum'mawa imene imavuta kuno m'chilimwe inandikankha kuchokera kumanzere ndili chiimire, njinga n'kupita kumanja kumene kunalibe phazi. Ndinangoisiya n'kudumpha. Galasi linasweka, chogwirira buleki chinapindika, ine osavulala, koma manyazi ake! Amayi ena ogulitsa zipatso anabwera kudzandithandiza kudzutsa, akundifunsa kuti mwini wake ali kuti. Kuyambira tsiku limenelo mphepo ikamaomba ndimatsitsa phazi la mbali imene ikundikankhirako. Kachiwiri ndinaimika tayala lakutsogolo litaloza kumunsi, pafupi ndi khoma. Kuti ndibwerere m'mbuyo ndi zala zokha zinakanika. Tsopano ndimaimika cham'mbuyo nthawi zonse, ndipo pakavuta ndimatsika n'kuikankha ndili pambali, chiuno chitatsamira thanki. Ena amaseka. Aseke.

Gulani ma crash bobbin, zotetezera za m'mbali zimene zimayamba kugunda pansi njinga ikagwa, tsiku lomwelo logula njinga, makamaka ngati mutenge ya fairing, mapulasitiki aja ndi odula. Jombo zokhala ndi soli yokhuthala zimaonjezerako sentimita imodzi kapena awiri, kungoti mudzafunika kukweza pang'ono chopondera magiya kuti phazi lizilowa pansi pake. China chimene ndimaikondera SV, ili ndi Low RPM Assist, imakweza injini pang'ono pamene ukusiya kilatchi ponyamuka. Injini kuzima njinga itapendekera ndi kumene kumagwetsa afupiafupi ambiri, ndiye kanthu kameneka kwa ine n'kofunika.

---

WaChirimba anayankha:

Ine ndili kumudzi kuno, ku Blantyre. Funso langa ndi limodzi: njingayo mudzabwera nayo? Ngati eya, osaitsitsa kwambiri. Mahampu a m'matrading centre athu si a ku Joni, ndipo kanjira kokafika kwa agogo ku Ntcheu mukukadziwa nokha. Yotsitsa idzakhula mimba pansi, paipi ya utsi n'kuphwanyika. Komanso masipeya a njinga zazikulu kuno ndi ochita kuitanitsa, m'mashopu mwadzaza za kabaza. Mukamabwera kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, nyamuliranitu fyuluta, mabuleki ndi tcheni.

Anyamata a kabaza kuno ena ndi afupi kuposa inu, amanyamula mayi, mwana ndi thumba la chimanga, phazi limodzi pansi. Achemwali a ku Cape Town anena zoona.

---

Mphezi_R6 anayankha:

Madala mwandilasa. Chabwino, R6 ayi. Koma 400 ndi yaing'ono amwene, pakatha chaka mudzayambanso kusuzumira za eni.

---

Kafupi_wa_Ntcheu anayankha:

Zikomo nonse, mwandimasula. Ndabwera ndi lipoti.

Madala, munalondola. Ndinaitana mnzanga ndi tepi, iye kuyeza ine nditakhalira Ninja yanga. Ikumira mochititsa mantha, ndipo siponji ndikaidina ndi chala ndikumva pulasitiki. Zaka zonsezi ndimadziona ngati katswiri, chonsecho njinga inkachita kundigwadira.

Achemwali a ku Cape Town, Lamlungu ndinapita kuseri kwa malo ena ogulitsirako zinthu, kulibe munthu, ndinachita za phazi limodzi zija pa 250 yomweyi. Maulendo khumi oyamba phazi lamanja linkangothawira pansi lokha, ngati lili ndi nzeru zakezake. Kenako linazolowera. Sabata ino ndayenda choncho kupita kuntchito. Lachitatu maroboti anazima pa Booysens, ndinaima mwina kasanu ndi kawiri ndisanaoloke, ndipo ndinadabwa kuti buleki yakumbuyo ija ikumandigwirira njinga pokwera, dzanja lamanja likungosamala mafuta. Kale ndinkachita kulimbana ndi zonse ndi dzanja limodzi.

Dzulo ndakhalira zitatu. SV650 ndiyo yandikwana koposa m'miyendo, phazi lamanzere lonse pansi osasuntha n'komwe thako kwenikweni, koma ilibe chotchinga mphepo, ndipo ine June wa ku Joni ndimamudziwa. Ninja 400 ndinaitukula pa sitandi ngati yanga yomwe. Ninja 650 ya 2019, yakuda, ndinaimva kulemera poidzutsa, koma nditasuntha thako n'kuponda, inakhazikika pantchafu osagwedezeka. Mwini wake anandilola kuzungulira nayo kawiri mumsewu wa kwawo. Pobwera ndinaima pageti pake potsetsereka, phazi limodzi, osagwa. Mphezi usasangalale, sindinalipirebe.

A ku Chirimba, kubwera nayo ndibwera nayo mu December, ndiye za lowering link ndazisiya kaye. Ndiyamba ndi preload ndi chishalo.

Madala, ndili ndi kafunso kena. Ya 2019 ija yayenda makilomita 31,000, mwini wake akuti mavalavu sanawaonetsepo chiigulireni, ndipo tcheni chake ndaona chili ndi malo ena olimba. Ndimuuze achotsepo zingati, kapena ndibwere nayo kwanu Loweruka muione kaye?