Kodi masiku a mipikisano ikuluikulu ya mahatchi amakonzedwa bwanji pa chaka?

Mdzukulu wa ku Dedza, Mufakose

Moni kwa nonse, akuluakulu ndi anzanga. Malemu agogo anga aamuna, amene anachoka ku Dedza ali mnyamata kudzafuna ntchito kuno ku Harare, anakalambira m'makola a mahatchi ku Borrowdale, ndipo ine ndinakula ndikumva mayina a mipikisano ngati Castle Tankard ndi Durban July pakhomo popanda kufunsa tanthauzo lake. Tsopano mwana wanga amene ali ku England wayamba kukonda mipikisanoyi, ndipo mwezi ndi mwezi amandilembera kuti sabata ino kuli mpikisano wa Giredi 1 kwakutikwakuti, mwezi wamawa kuli wina kudziko lina, ngati kuti pali munthu mmodzi amene anakhala pansi n'kulemba kalendala ya dziko lonse.

Mafunso anga ndi awiri. Loyamba, ndani amene amagamula kuti mpikisano uwu ndi wa Giredi 1, uwo ndi wa Giredi 2 kapena 3, ndipo kodi chimene amayang'ana ndi kuchuluka kwa ndalama za mphotho? Lachiwiri, n'chifukwa chiyani mipikisano ikuluikulu imabwera pa nthawi yomweyomweyo chaka chilichonse, ina mu Meyi, ina mu Julayi, ina mu Novembala? Sindikufunsa chifukwa chofuna kubetcha ayi, ndikungofuna kuti mwana akamandiimbira foni ndizikhala ndi choyankha.

A Phiri a ku Highfield

Achimwene, funso lanu ndi labwino, ndipo ndiyamba ndi loyambalo chifukwa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka. Giredi sigulidwa ndi ndalama za mphotho. N'zoona kuti mpikisano uyenera kukhala ndi mphotho yofika pa mlingo wina kuti auganizire n'komwe, koma chimene makomiti amayang'ana kwenikweni ndi mtundu wa mahatchi amene akhala akuthamanga mu mpikisanowo pa zaka zingapo zapitazo. Ngati mahatchi amphamvu asiya kubwera, mpikisano umatsitsidwa kuchoka pa Giredi 1 kupita pa Giredi 2, ndipo ngati wina wayamba kukopa akatswiri, umakwezedwa. Ndondomekoyi inayamba ku Ulaya mu 1971, kumene amati Gulupu 1, 2 ndi 3, ndipo Amereka inatsatira mu 1973 kudzera mu komiti ya bungwe la eni ndi oweta mahatchi lotchedwa Thoroughbred Owners and Breeders Association, limene mpaka lero limaunikanso mndandandawo chaka ndi chaka. Choncho palibe munthu mmodzi wolemba kalendala ya dziko lonse. Dziko lililonse kapena chigawo chilichonse chili ndi komiti yake, kungoti amamvana pa miyezo.

Pa funso lachiwiri, mfundo yaikulu ndi msinkhu wa hatchi. Kumpoto kwa dziko lapansi hatchi iliyonse yampikisano imawerengedwa kuti yakwanitsa chaka pa 1 Januwale, kaya inabadwa mu Febuluwale kapena mu Meyi. Ina mwa mipikisano yotchuka kwambiri ndi ya mahatchi a zaka zitatu okhaokha, kutanthauza kuti hatchi ili ndi mwayi umodzi wokha pa moyo wake wonse, ndipo kalendala yonse ya miyezi yoyambirira ya chaka inamangidwa ngati makwerero opita ku mwayi umenewo. Tengani Kentucky Derby ya ku Amereka, imene inayamba mu 1875 ndipo imachitika Loweruka loyamba la Meyi ku Churchill Downs mumzinda wa Louisville, pa mtunda wa mamita pafupifupi 2000. Malo alipo 20 okha, ndipo kuyambira mu 2013 hatchi imalowa chifukwa cha mapointi amene yapeza mu mipikisano yokonzekera monga Florida Derby, Santa Anita Derby ndi Blue Grass Stakes, imene imachitika kumapeto kwa Malichi ndi mu Epulo. Pakatha masabata awiri kuchokera pa Derby pamabwera Preakness Stakes, ndipo pakatha masabata ena atatu pamabwera Belmont Stakes. Hatchi yopambana yonse itatu imatchedwa ya Triple Crown, ndipo kuvuta kwake mukuone apa: zachitika ka 13 kokha, ndipo pakati pa Affirmed mu 1978 ndi American Pharoah mu 2015 panadutsa zaka 37 popanda hatchi ina. Justify inatsatira mu 2018.

Ku England kumene kuli mwana wanu makwerero ake ndi ofanana, kungoti mtunda umanka nutalika pamene hatchi ikukhwima. Kumayambiriro kwa Meyi kuli 2000 Guineas ku Newmarket pa mamita pafupifupi 1600, kumayambiriro kwa Juni kuli Derby ya ku Epsom, imene inayamba mu 1780, pa mamita pafupifupi 2400, ndipo mu Seputembala kuli St Leger ku Doncaster pa mtunda wotalikirapo. Kuyambira pakati pa chaka mahatchi a zaka zitatu aja amayamba kukumana ndi akuluakulu awo, ndipo kumapeto kwa nyengo n'kumene kumadziwika mfumu yeniyeni: Prix de l'Arc de Triomphe ku Longchamp mumzinda wa Paris, kawirikawiri Lamlungu loyamba la Okutobala, kenako Breeders' Cup ku Amereka, imene inayamba mu 1984, kumapeto kwa Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala, kenakonso Japan Cup ku Tokyo kumapeto kwa Novembala. Pamene ku Ulaya kukuzizira, maiko a Aarabu ndiwo amatenga malo, ndi Saudi Cup mu Febuluwale ndi Dubai World Cup chakumapeto kwa Malichi. Mpikisano wa ku Paris ndi wosavuta kwa ife chifukwa pa nthawi imeneyo mawotchi athu ndi awo amafanana, koma Kentucky Derby imakupezani cha m'ma 1 koloko usiku, ndipo ine chaka china ndinagona pampando mahatchi asanatuluke n'komwe.

Gogo Mbewe a ku Dzivarasekwa

Mdzukulu wanga, a Phiri afotokoza bwino za kunja, koma adumpha chinthu chimene agogo ako akanakuuza poyamba. Kuno kumwera tsiku lobadwa la mahatchi ndi 1 Ogasiti, osati 1 Januwale, ndipo nyengo ya mipikisano imayamba tsiku limenelo n'kutha pa 31 Julayi. Chifukwa chake n'chakuti ana a mahatchi kuno amabadwa kuyambira mu Ogasiti kupita m'tsogolo, nyengo yozizira ikamatha. Ine ndinagwira ntchito m'makola zaka zambiri, ndipo ndimakumbukira kuti m'mawa wa 1 Ogasiti tinkasekana kuti mahatchi onse akula usiku umodzi pamene ife malipiro athu sanakule.

Ukamvetsa zimenezi, kalendala yathu sikuvutanso. Ku Borrowdale Park, kumene mipikisano imayendetsedwa ndi Mashonaland Turf Club, mahatchi a zaka zitatu ali ndi makwerero awo atatu, omwe ndi Zimbabwe Guineas pa mamita 1600, Zimbabwe 2000 pa mamita 2000, ndi Zimbabwe Derby pa mamita 2400. Mipikisano imene anthu wamba amaidziwa, ija yodzaza bwalo, imabwera chakumapeto kwa nyengo mvula itatha ndipo dothi litauma: Castle Tankard kawirikawiri mu Meyi pa mamita 2000, kenako kwa zaka zambiri kunkabwera OK Grand Challenge mu Juni pa mamita 1800. Anthu ambiri ankapita ku Grand Challenge chifukwa cha magalimoto amene ankaperekedwa pa mwayi tsikulo, osati chifukwa cha mahatchi, koma m'khola tsiku limenelo linali mayeso a ntchito ya miyezi itatu kapena inayi. Mphunzitsi wa mahatchi amawerenga chammbuyo kuchokera pa tsiku lalikulu, n'kusankha mipikisano iwiri kapena itatu yaing'ono yoti hatchi ikonzekerere, chifukwa hatchi singakhale pachimake pa mphamvu zake chaka chonse. Ukaithamangitsa msanga imafika pa tsikulo itatopa, ukaichedwetsa imafika ili ndi mafuta.

Ku South Africa kalendala imayenda ndi nyengo ya chigawo chilichonse, ndipo mahatchi amasamuka pa malole kutsatira mipikisano. Chakumapeto kwa Novembala chidwi chimakhala ku Turffontein mumzinda wa Johannesburg pa Summer Cup. Mu Januwale onse amakhala ku Kenilworth ku Cape Town, kumene mvula yambiri imagwa nthawi yozizira ndipo chilimwe chimakhala chouma, ndipo kumeneko kuli King's Plate pa mamita 1600 kenako Met pa mamita 2000. Nyengo yozizira ikafika amatsikira ku Durban kumene kumakhala kofunda, ndipo Loweruka loyamba la Julayi ku Greyville kumachitika Durban July pa mamita 2200, mpikisano umene unayamba mu 1897.

Mdzukulu wa ku Dedza, Mufakose

Zikomo kwambiri a Phiri ndi agogo, tsopano ndayamba kuona njira. Komabe chinthu chimodzi chatsala. Ngati Castle Tankard timaitcha ya Giredi 1 ndipo Durban July nayonso ndi ya Giredi 1, kodi ndiye kuti hatchi yopambana ku Borrowdale ndi yofanana ndi yopambana ku Greyville kapena ku Epsom? Mwana wanga anaseka nditanena zimenezi, ndipo sanandifotokozere chimene amaseka.

Nachisale wa ku Mabvuku

Bambo, mwana wanu sanachite bwino kuseka kholo lake, koma mfundo yake ili ndi choonadi. Giredi ili ndi tanthauzo mkati mwa dziko lake, ndipo kunja imalemekezedwa molingana ndi mmene dzikolo laikidwira m'buku la miyezo limene makampani ogulitsa mahatchi pa okushoni amagwiritsa ntchito padziko lonse. Bukulo limagawa maiko m'zigawo, ndipo m'chigawo choyamba muli maiko monga Amereka, Britain, France, Japan, Australia ndi South Africa, amene magiredi awo amavomerezedwa paliponse. Zimbabwe sili m'chigawo choyambacho, choncho Giredi 1 ya ku Borrowdale ndi ulemu waukulu kwathu kuno, koma wogula hatchi ku Newmarket saiwerenga mofanana ndi ya ku Greyville. Apa ndi pamene pali ndalama zenizeni za magirediwa, pa malonda osati pa mphotho. Hatchi ikapambana kapena kumaliza pa malo atatu oyambirira mu mpikisano wotere, dzina lake limalembedwa ndi zilembo zakuda zonenepa m'mabuku a okushoni, zimene amalonda amazitcha black type, ndipo zilembo zimenezo zimakweza mtengo wa ana ake, abale ake ngakhalenso adzukulu ake. N'chifukwa chake mwini hatchi yaikazi amalolera kuinyamula ulendo wautali kukafuna malo achitatu mu Giredi 3 m'malo mopambana mpikisano wamba pafupi ndi kwawo.

Ndiwonjezere pa zimene a Phiri ananena, chifukwa ngakhale pakati pa maiko a m'chigawo choyamba pali kusiyana. Durban July ndi Melbourne Cup ya ku Australia, ija ya mamita 3200 yochitika Lachiwiri loyamba la Novembala, ndi mipikisano ya handicap, kutanthauza kuti hatchi yamphamvu imasenzetsedwa katundu wolemera kuposa yofooka kuti zonse zikhale ndi mwayi. Ku Ulaya mpikisano wotere sulowa m'magulupu atatu aja, chifukwa iwo amafuna kuti kulemera kwa katundu kuzitengera msinkhu ndiponso ngati hatchiyo ndi yaimuna kapena yaikazi, kuti yopambana ikhaledi yoposa zinzake. Ine pa nkhani iyi ndili kumbali ya a ku Ulaya, ngakhale ndikuvomereza kuti handicap ndi imene imasangalatsa kuonera.

Koma mukamuimbira mwanayo mumuuze za Ipi Tombe. Inali hatchi yaikazi yobadwira kuno ku Zimbabwe mu 1998, inayambira kuthamanga ku Borrowdale komweku, kenako inapita ku South Africa m'manja mwa mphunzitsi wa mahatchi Mike de Kock, ndipo mu 2002 inapambana Durban July ili ndi zaka zitatu, kutangotsala masabata ochepa kuti pa 1 Ogasiti iwerengedwe ya zaka zinayi monga agogo afotokozera. Mu Malichi 2003 inakapambana Dubai Duty Free, mpikisano wa Gulupu 1, ndipo chaka chomwecho inapambananso ku Churchill Downs, bwalo lomwe lija la Kentucky Derby.

Gogo Mbewe a ku Dzivarasekwa

Mayi Nachisale mwandikumbutsa kutali. Chimene chinachititsa kuti mahatchi ochepa okha atsatire njira ya Ipi Tombe si kufooka ayi, koma matenda a mahatchi a kuno ku Africa, aja ofalitsidwa ndi tizilombo ting'onoting'ono touluka madzulo nthawi ya mvula, amene ankatichititsa kutsekera mahatchi m'khola dzuwa lisanalowe n'kuwatulutsa litakwera. Chifukwa cha matendawa, kwa zaka zambiri kuchokera mu 2011 hatchi yochokera ku South Africa sinkaloledwa kupita ku Ulaya mwachindunji, ndipo inkayenera kukakhala kaye miyezi ingapo pa chilumba cha Mauritius isanapitirire. Mphunzitsi amene ankafuna mpikisano wa ku Dubai wa mu Malichi ankayenera kutumiza hatchi yake pakati pa chaka cham'mbuyo, n'kutaya Summer Cup, King's Plate ndi Met zonse.